Antarctica: nsapato amatsuka, koma pachipata palibe mlonda

Ikangokwana Novembala, doko la Ushuaia, kumapeto kwenikweni kwa dziko la Argentina, limasefukira. Sitima zapamadzi zimakocheza m'mawa kutsitsa alendo amene atha ulendo wawo, madzulo n'kukweza ena atsopano, basi kulunjika kummwera. Zimatenga masiku awiri kuti zioloke nyanja yolusa ya Drake Passage, kumene mafunde amagwetsa mbale patebulo ndipo anthu ambiri amakhala chigonere, mseru uli tho. Akadzuka tsiku lachitatu amaona chimene analipirira: mapiri a ayezi oyandama panyanja, anangumi akupumira pafupi ndi sitima, mapengwini zikwizikwi ali ndandanda m'mbali mwa gombe. Zimapitirira choncho mpaka mu Malichi, pamene kuzizira ndi mdima zimatsekanso njira.

Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1990, alendo opita ku Antarctica sankafika 8,000 pa chaka. M'nyengo ya 2019 mpaka 2020 anali pafupifupi 74,000. Covid-19 inaimitsa maulendowa kwa kanthawi, koma itangozizira chiwerengero chinalumpha: anthu oposa 100,000 m'nyengo ya 2022 mpaka 2023, kenako oposa 120,000 m'nyengo yotsatira. Ziwerengerozi sanapeke ndi adani a malondawa ayi, amazitulutsa ndi bungwe la eni sitima lomwe, lotchedwa IAATO. Ndipo palibe lamulo lililonse limene likunena kuti chiwerengerochi chikafika pakuti, chiime.

Nkhani yanga yagona pomwepo. Munthu wosunga ndalama zake kuti akaone mapengwini sanapalamule mlandu, ndipo ndikanama nditati zithunzi za kumeneko sizindikoka mtima. Chimene ndikukana n'chakuti kuchuluka kwa alendo pamalo osalimba chonchi kuzidalira zinthu ziwiri zokha: mabedi amene makampani amanga, ndi anthu amene m'thumba mwawo muli kanthu. Pakufunika malire olembedwa m'lamulo. Pakufunikanso msonkho.

Tiyambe tawapatsa ulemu wawo eni sitimawa, chifukwa pa nkhani ya khalidwe la mlendo achita zambiri. Sitima isanafike n'komwe, aliyense amaitanidwa ndi zovala zake zonse zakunja: jekete, thalauza, chipewa, magolovesi, ngakhale chikwama cha kamera. Ogwira ntchito amapopa fumbi m'matumba ndi makina, amatokosa m'misoko ndi m'zomatira ndi kachitsulo kopanira, kufunafuna kanjere kamodzi ka udzu kamene kanakanirira kuchokera kwawo kwa mlendoyo. Potsikira m'timabwato ta mphira topita kumtunda, aliyense amaponda m'beseni la mankhwala opha tizilombo. Pobwerako amakwecha majombo ndi burashi mpaka chitosi chonse cha pengwini chichoke m'mizere ya kunsi kwa nsapato, chitosi chofiirira, chomata, chonunkha nsomba yovunda, chimene fungo lake limakulonjera sitima isanakocheze. Kumtundako otsogolera amakhala atazika kale timbendera tosonyeza poyenda. Nyama suiyandikira kupitirira mamita 5. Pengwini akamatsetsereka m'kanjira kake kopita kunyanja, woima ndiwe, iye adutse. Palibe kudya, palibe kusuta, palibe kutola ngakhale kamwala kapena nthenga. Ukamva m'mimba, amakubweza kusitima.

Pamwamba pa izi, pamalo amodzi sipatsika anthu oposa 100 nthawi imodzi, sitima imakhalapo imodzi yokha, ndipo alendo 20 aliwonse amakhala ndi wotsogolera wawo. Sitima yonyamula anthu oposa 500 siitsitsa munthu. Alendo ake amangoonera pakhonde. Malamulowa makampani anayamba kudziikira okha kudzera mu IAATO, imene inakhazikitsidwa mu 1991 ndi makampani 7, ndipo ambiri amawatsatadi.

Koma taonani bwino chimene malamulowa akuyang'anira. Onse akunena za mmene mlendo ayendere akafika. Palibe ngakhale limodzi lonena kuti afike angati pa nyengo yonse. Gulu la anthu 100 likakwera bwato kubwerera, lina la 100 limatsika. Sitima ya m'mawa ikazula nangula, ya masana imalowa. Zili ngati bungwe la eni minibasi: akhoza kugwirizana za mtengo, za mzere pa depoti, ngakhale za yunifolomu ya kondakitala, koma tsiku loti adzakhale pansi n'kuvomerezana kuti minibasi zachuluka, ena aimike zawo, silidzafika. Si kuipa mtima. Munthu sungamuuze kuti adzichotsere yekha nsima pakamwa. Ndiponso kulowa m'bungwelo n'kodzifunira.

Wina anena kuti Antarctica ndi wamkulu, makilomita pafupifupi 14 miliyoni mbali zonse, nanga anthu 120,000 angadzaze pati? Funso labwino, koma yankho lake lili pamapu. Malo opanda ayezi safika ngakhale gawo limodzi mwa magawo 100 a dzikolo. Pafupifupi alendo onse amapita kachigawo kamodzi kotchedwa Antarctic Peninsula, kamene kanaloza ku South America, ndipo amabwerezabwereza malo omweomwewo: Neko Harbour, Cuverville Island, Half Moon Island, Whalers Bay, Port Lockroy. Timagombe ta miyala timeneti ndi tomwe mbalame zimamangapo zisa, ndipo miyezi imene sitima zingathe kufikako ndi yomweyo imene mbalamezo zimaikira mazira ndi kulera anapiye. Mlendo ndi mame, amatero akuluakulu, sachedwa kukamuka. Koma uku akakamuka wina, wina wagwa kale, m'mawa ndi masana, miyezi isanu yathunthu.

Nanga boma lili kuti? Kulibe. Antarctica alibe mwini, alibe nzika, alibe apolisi. Amayendetsedwa ndi pangano limene mayiko 12 anasainira ku Washington mu Disembala 1959, limene linayamba kugwira ntchito mu 1961. Panganoli ndi chimodzi mwa zinthu zanzeru zimene anthu anachitapo: linaimitsa mikangano ya malire, linaletsa zida zankhondo ndi kuyesa mabomba a nyukiliya, n'kupereka dzikolo ku mtendere ndi sayansi. Mu 1991 ku Madrid anawonjezerapo chigawo choteteza chilengedwe, chimene chinaletsa kukumba miyala ndi mafuta. Lero mayiko oposa 50 ali m'panganoli, ndipo 29 ndi amene ali ndi mphamvu yopanga ziganizo.

Vuto ndi lakuti 29 onsewo ayenera kuvomereza chinthu chisanadutse, kenako dziko lililonse likachivomerezenso kwawo. Limodzi likangokoka miyendo, zonse zaima. Mu 2005 ku Stockholm anagwirizana za amene azilipira ngozi ikawononga chilengedwe. Mu 2009 ku Baltimore anagwirizana kuti malamulo a anthu 100 ndi 500 aja akhale okakamiza, osati ongodalira ulemu wa makampani. Zaka zadutsa, mapepala onse awiri akudikirabe kuti mayiko ena amalize kuwavomereza. Mu 2023 ku Helsinki anagwirizana zoyamba kukambirana dongosolo lonse la zokopa alendo. Mumve bwino: anagwirizana zoyamba kukambirana. Nthawi yomweyo sitima zatsopano zinali zikutuluka m'mafakitale.

Tsono chimene chikuonongeka n'chiyani kwenikweni? Pano ndikufuna kuyenda mosamala, chifukwa anthu amakonda kukuwa pamene sipali bala. Zoti alendo akuopseza mapengwini mpaka kuthawa zisa zilibe umboni wamphamvu. Ku Port Lockroy, kumene kuli kapositi ofesi kotchuka kamene alendo amatumizirako makadi, mbali ina ya chilumba inatsekedwa dala kuti ofufuza afanizire mapengwini oonedwa ndi alendo ndi osaonedwa, ndipo kusiyana kwake sikunaoneke kwakukulu. Mapengwini a mtundu wa gentoo akuchulukana n'kumafalikira chakummwera. Amene akuchepa m'chigawochi ndi a mitundu ya Adélie ndi chinstrap, ndipo ofufuza amaloza chala kusungunuka kwa ayezi ndi kuchepa kwa chakudya chawo, osati makamera. Bala lenileni lili pena.

Loyamba ndi mwaye. Injini za sitima, ndege ndi majenereta zimatulutsa utsi, ndipo timwaye take timagwera pa chipale chofewa. Chipale choyera mbee chimabweza kuwala kwa dzuwa. Chikadetsedwa, ngakhale pang'ono moti diso silingaone, chimayamba kumwa kutentha n'kusungunuka msanga. Kafukufuku wotsogoleredwa ndi Raúl Cordero wa ku Chile, amene anatuluka mu 2022 m'magazini ya Nature Communications, anayeza chipale m'malo ambiri a chigawo chija n'kupeza mwaye wochuluka pafupi ndi malo ofikako anthu. Anawerengera kuti mlendo mmodzi amafulumizitsa kusungunuka kwa matani pafupifupi 83 a chipale. Kunena chilungamo, kafukufuku yemweyo anapeza kuti wasayansi mmodzi amaposa pamenepo kutali, chifukwa amakhalitsa ndipo malo awo amayendera dizilo. Koma asayansi ndi zikwi zochepa, ndipo chiwerengero chawo sichikulumpha monga cha alendo. Kuletsa mafuta akuda olemera m'nyanja za Antarctica mu 2011 kunathandiza, koma dizilo wopepuka naye ali ndi utsi wake.

Lachiwiri ndi mpweya wotenthetsa dziko. Ofufuza osiyanasiyana amaika ulendo wa mlendo mmodzi pa matani oposa 3 a mpweya wa kaboni, ndipo ambiri mwa alendowa amayamba auluka kuchokera ku America, China, Australia, Germany kapena Britain kuti akapeze sitima. Mmalawi mmodzi, tikawerengera mafuta onse amene dziko lathu limatentha, amatulutsa pafupifupi gawo limodzi mwa magawo 10 a tani imodzi pa chaka. Ndiye kuti masabata awiri a munthu mmodzi pakati pa mapiri a ayezi akufanana ndi zaka 30 za munthu wa ku Phalombe. Sindikunena kuti sitima ya ku Ushuaia ndi imene inagumula phiri la Soche mu Malichi 2023, pamene namondwe wa Freddy anapha anthu mazanamazana kummwera kwa dziko lino. Mpweya wa maulendowa ndi kadontho poyerekeza ndi malasha a mayiko olemera. Koma mlengalenga ndi umodzi, ndipo ndi ife okhala kumunsi kwa mtsinje amene tili ndi ufulu wofunsa kuti kadontho kalikonse kakugwera chiyani. Munthu wotentha mafuta kuti akafike kuchipatala ndi wotentha mafuta kuti akajambule chithunzi sangayankhe funsoli mofanana.

Chimene chimandiwawa kwambiri ndi mmene ulendowu umagulitsidwira: pitani mukaone zisanathe. Ndipotu zikuthadi. Pa 6 Febuluwale 2020 malo ofufuzira a dziko la Argentina otchedwa Esperanza anayeza kutentha kwa madigiri 18.3, kumene sikunayezedwepo pamtunda wa Antarctica. Mu Febuluwale 2023 ayezi wa panyanja yozungulira dzikolo anachepa kuposa chaka china chilichonse chiyambire kuyeza ndi masetilaiti. Chakumapeto kwa 2022, m'nyanja ya Bellingshausen, magulu anayi mwa asanu a mapengwini aakulu a mtundu wa emperor anataya anapiye awo chifukwa ayezi amene anaswerapo anasweka anapiyewo asanamere nthenga zosalowa madzi. Asayansi a British Antarctic Survey anaona zimenezi pa zithunzi za setilaiti. Kutenga tsoka lotere n'kulisandutsa chifukwa chogulitsira matikiti ambiri, aaa, pamenepo ndiye pandikanika.

Makampani ali ndi yankho lawo lokonzeka, ndipo ndi lakale. Lars-Eric Lindblad, amene anatengera alendo oyamba a mtundu uwu ku Antarctica mu 1966, ankakhulupirira kuti munthu sangateteze chimene sanachione. Mpaka lero timabuku tawo timati mlendo aliyense amabwerera kwawo ali kazembe wa Antarctica. Mfundoyi ndi yokoma m'khutu, koma itayesedwa sinaime. Mu 2010 Eke Eijgelaar ndi anzake anafunsa alendo a m'sitimazi, ndipo sanapeze umboni woti ulendowo umasintha maganizo awo kapena mayendedwe awo a m'tsogolo. Anthu 59 pa 100 aliwonse ankaona kuti ulendo wawo sukhudza nyengo n'komwe. Ena amasinthadi, sindikukana. Koma ngati anthu oposa 100,000 pa chaka, ambiri a iwo opeza bwino ndi odziwana ndi akuluakulu m'mayiko awo, akanakhala akazembe enieni, bwenzi mapepala a 2005 ndi 2009 aja atavomerezedwa kalekale. Bwenzi malo otetezedwa a m'nyanja amene akhala akukanidwa chaka ndi chaka ku bungwe la CCAMLR, loyang'anira zamoyo za m'nyanja ya Antarctica, kuphatikizapo a m'mbali mwa Antarctic Peninsula momwemo, atadutsa. Ndipo anthu mamiliyoni amene amadera nkhawa anangumi sanapondeko. Anaonera pa kanema.

Pali mfundo ina ya makampaniwa imene ndimaipatsa ulemu. Amati: bwanji mukulimbana ndi ife pamene sitima zausodzi zikukokolola krill, tinkhanu ting'onoting'ono timene anangumi, mapengwini ndi akatumbu a m'nyanja amadya, matani zikwi mazanamazana pa chaka, kukapanga chakudya cha nsomba zoweta ndi makapisozi a mafuta? Akunena zoona, usodziwo ndi woopsa kwambiri. Amatinso sitima zawo zimanyamula asayansi, ndipo alendo amatumiza zithunzi za michira ya anangumi ku tsamba la pa intaneti la Happywhale, kumene nangumi aliyense amadziwika ndi zipsera za mchira wake. Izinso n'zoona. Koma taonani: usodzi wa krill, ndi zofooka zake zonse, uli ndi malire olembedwa, matani 620,000 pa chaka m'chigawo chimene amasodza kwambiri. Tingatsutse kuti malirewo ndi okwera, koma alipo. Malonda a alendo okha ndi amene alibe chiwerengero choimira.

Tisaiwalenso kuti kutsuka nsapato kuli ndi polekezera. Kafukufuku wa 2012 wotsogoleredwa ndi Steven Chown, amene nthawi imeneyo anali ku yunivesite ya Stellenbosch, anapeza kuti mwa anthu opita ku Antarctica, amene anapezeka ndi njere ankanyamula pafupifupi 9 aliyense m'zovala ndi m'zikwama mosadziwa, ndipo asayansi ankanyamula zambiri kuposa alendo. Udzu wa ku Ulaya wotchedwa Poa annua unamera kale pa chilumba cha King George. Kale kuzizira kunkapha chilichonse chachilendo. Pamene kukufunda, zina zikupulumuka. Mu Okutobala 2023 chimfine cha mbalame cha H5N1 chinapezeka ku Bird Island, pafupi ndi chilumba cha South Georgia, n'kupha mbalame ndi akatumbu ambirimbiri, ndipo mu Febuluwale 2024 chinatsimikizika pamtunda wa Antarctica penipeni. Chinabwera ndi mbalame zouluka, osati alendo. Koma nthenda ikafika, munthu woyenda gombe ili m'mawa, gombe lina masana, lachitatu mawa lake, ndi njira yatsopano imene nthendayo inalibe. IAATO inaletsa kukhala pansi, kugwada kapena kuika chikwama pansi, ndipo malo ena anatsekedwa. Anachita bwino. Komabe burashi ikaphonya kamodzi pa maulendo 1,000, kuphonyako kumachuluka pamene opondawo akuchuluka. Ndi masamu chabe.

Za ngozi ndingodutsa mwachangu. Mu Novembala 2007 sitima ya Explorer inagunda ayezi pafupi ndi zilumba za South Shetland n'kumira. Anthu onse 154 anapulumuka chifukwa nyanja inali bata ndipo sitima zina zinali pafupi, koma mafuta ake anapita nayo pansi. Chakumapeto kwa 2022 alendo anafa pa ngozi zosiyana, ena bwato lawo la mphira litagubuduzika, wina funde lalikulu litaswa mawindo a sitima. Kumeneko kulibe chipatala chachikulu, kulibe gulu lokolopa mafuta otayika, ndipo wothamangira kukapulumutsa nthawi zambiri amakhala asilikali apamadzi a Chile ndi Argentina, kapena asayansi osiya ntchito yawo.

Mbiri ya nyanja imeneyi iyenera kutichenjeza, ndipo chodabwitsa n'chakuti alendo amaiona ndi maso. Zilumba za South Shetland zitadziwika mu 1819, osaka zikopa anakhamukirako, ndipo m'nyengo zochepa chabe akatumbu a ubweya anatsala pang'ono kutheratu. Mu 1904 Carl Anton Larsen anatsegula malo ophera anangumi ku Grytviken, pa chilumba cha South Georgia. Pofika m'ma 1960 malo a pachilumbacho anali atasenda anangumi pafupifupi 175,000, ndipo anatsekedwa osati chifukwa cha chisoni koma chifukwa anangumi anatha. Lero alendo amayenda pakati pa mathanki adzimbiri amene ankasungira mafutawo, amakaima pamanda a Ernest Shackleton, mtsogoleri wotchuka wa maulendo ofufuza Antarctica, n'kumwa kachasu pang'ono pomukumbukira, kenako n'kupukusa mitu kuti makolo awo anali adyera. Nthawi zonse ziwirizo malonda anakula mofulumira kuposa lamulo, ndipo lamulo linafika maliro atachitika. Sindikufanizira kamera ndi mkondo. Ndikufanizira liwiro la malonda ndi liwiro la boma.

Kumpoto kwa dziko lapansi kukutisonyeza chimene chimachitika malo akakhala ndi mwini. Zilumba za Svalbard, kumene alendo amapita kukaona zimbalangondo zoyera, zili m'manja mwa Norway. Mu Julayi 2018 alonda a sitima ina ya alendo anawombera chimbalangondo chimene chinavulaza mnzawo atatsikira pagombe lake, ndipo chithunzi cha mtembo wake chinakwiyitsa anthu ambiri. Kuyambira mu Januwale 2025 Norway inakhwimitsa zinthu: m'malo otetezedwa simulowa sitima yonyamula alendo oposa 200, malo otsikira anatsala 43, ndipo chimbalangondo suchiyandikira kupitirira mamita 300, kapena 500 m'miyezi yolera ana. Makampani anadandaula, boma linamva, lamulo linadutsabe. Sipanafunike mayiko 29.

Ndipo pa nkhani iyi Africa ndi mphunzitsi, osati wophunzira. Ku Rwanda, kuti ukaone anyani aakulu a m'mapiri a Virunga umalipira madola 1,500, gulu limodzi la anyani limaonedwa ndi alendo 8 okha pa tsiku, kwa ola limodzi basi, ndipo gawo la ndalamazo limapita kumidzi yozungulira. Anyaniwo, amene anatsala pang'ono kutha, anapitirira 1,000 pofika 2018. Zilumba za Galápagos zinakweza ndalama yolowera kuchoka pa madola 100 kufika pa 200 mu Ogasiti 2024. Ngakhale ku Liwonde ndi ku Majete sulowa chilowelowe. Pachipata pali munthu, pali lisiti, ndipo ndalamayo imathandiza kulipira alonda. Antarctica, malo amene timati ndi chuma cha dziko lonse lapansi, mlendo amalipira kampani madola zikwi zingapo, nthawi zambiri oposa 10,000, koma dziko limene wapondalo palibe msonkho umene limalandira.

Ndiye ndikanakhala ndi mpando pa msonkhano wawo wa chaka ndi chaka, ndikanapempha kuti chiwerengero cha otsika kumtunda chiimitsidwe pamene chili lero, kufikira asayansi atanena kuti gombe lililonse lingapirire mapazi angati. Magombe otanganidwa kwambiri azipatsidwa zaka zopuma. Mlendo aliyense azilipira msonkho, ndipo ndalamazo zizipita ku kuyeza zimene zikusintha, kutumiza oyendera odziimira paokha m'sitima, ndi kukonzekera ngozi. Wotolera asakusowetseni tulo. Kampani iliyonse imayenera kale kupeza chilolezo ku dziko limodzi la m'panganoli isananyamuke, ndipo zipata zolowera ndi zowerengeka: Ushuaia, Punta Arenas, Hobart, Christchurch, Cape Town. Pamene pali chilolezo ndi doko, pali potolerapo.

Ena adzati msonkho ndi malire zidzachititsa kuti Antarctica akhale wa olemera okhaokha. Abale anga, ndi wa olemera kale. Namwino wa kwathu amene akugwira ntchito usiku ku Manchester akhoza kusunga zaka zingapo n'kupitako, ndipo ndingamufunire ulendo wabwino. Madola 200 kapena 300 owonjezera si amene angamulepheretse. Mphunzitsi wa ku Nsanje sanalipo m'mzerewu chiyambire. Ngati tikufunadi chilungamo, gawo la msonkhowo lilipirire asayansi achinyamata a mayiko osauka kuti akafufuzeko, chifukwa ayezi wa kumeneko, amene atasungunuka yense angakweze nyanja ndi mamita pafupifupi 58, ndi nkhani ya Beira ndi Quelimane monga mmene ilili ya Miami.

Mu Africa monse, dziko limene lili ndi mawu pa tebulo limeneli ndi South Africa, limodzi mwa 12 oyamba aja. Lili ndi malo ake ofufuzira a SANAE IV, lili ndi sitima yoswa ayezi ya S.A. Agulhas II, imene inanyamula gulu lopeza sitima yomira ya Shackleton, Endurance, mu Malichi 2022. Komanso Cape Town ndi ponyamukira pa ulendo wodula kuposa onse: ndege zonyamula alendo ochepa kupita ku Wolf's Fang, bwalo la pa ayezi kumene ndege yaikulu ya Airbus A340 inatera koyamba mu Novembala 2021. Choncho Pretoria ili ndi phindu lake m'malondawa, ndipo siingadzitche woonerera. Dziko limene limadziwa kutseka chipata cha malo osungira nyama a Kruger alendo a tsiku akakwana, lingathe kuima pa msonkhano n'kutchula chiwerengero. Mayiko anzake a mu SADC, amene nyengo ikuwapweteka koma alibe mpando, ali ndi chifukwa cholikumbutsa.

Chofulumirira chilipo, ndipo chili m'mafakitale omanga sitima. Kampani ikangoika ndalama zake pa sitima yatsopano, iyenera kudzaza mabedi ake nyengo iliyonse kuti ibweze ngongole, ndipo idzalimbana ndi malire alionse obwera pambuyo. Sitima zotere sizikalamba msanga. Explorer yomira ija inamangitsidwa ndi Lindblad mu 1969, ndipo inanyamula alendo zaka 38.